Thandizeni ndi mayina a zovala, Chingerezi ndi chi Romania pa malebulo a kaunjika

Nachisale_Kamwendo

Moni nonse abale anga. Ine ndimagulitsa kaunjika kuno ku Mchinji, tsiku la msika ndimayala pa Kamwendo, masiku enawa mumandipeza pa Boma. Mabelo ndimakaoda ku Lilongwe ndipo geniyi ndakhala nayo zaka ndithu moti nsalu ndimayidziwa ndikangoyigwira, koma za ulendo uno zandiimitsa mutu nde ndati ndifunse, paja safunsa anadya phula.

Mwezi watha ndinatsegula belo la majekete ndi majuzi poti June wayandikira, mukudziwa mmene kumazizilira kuno mmamawa. Katundu anali wabwino zedi, zina zosavalidwa nkomwe timapepala ta mtengo tikadali lende, koma zolembedwazo sichinali Chingerezi ayi. Pena palembedwa geacă, pena hanorac, pena cămașă bărbați, pa mtengo pali nambala kenako mawu oti lei. Mwana wa achemwali anga amene ali folomu 3 anajambula ndi foni nkufufuza, akuti ndi chiyankhulo cha ku Romania. Dziko limenelo ine ndimangolimva dzina basi.

Tsono chandiwawa ndi ichi. Munali jekete ina yakuda yonyezimira bwino, zipi wake wolimba, pa lebulo palembedwa piele ecologică. Mwana uja anati piele ndi chikopa, ine osafunsanso kuti nanga mawu achiwiriwo akuti chani, ndinangokondwa kuti ndatola leza. Anagula ndi abambo ena a kabaza ya njinga yamoto, kasitomala wanga wakalekale amene olo zovala za ana awo amagula kwa ine, ndinawauza ndi mtima wonse kuti iyi ndi leza yeniyeni muvala mpaka mutope nayo. Masabata atatu okha anabwera nayo ikusupuka pakolala ndi mmapewa, ukayigwedeza tizidutswa takuda tikungoyoyoka pansi. Sanakalipe, anangoyiika pamulu nkunena kuti "mayi, inuyo mpaka kundinamiza ine?" Ndalama ndinabweza yonse koma mawu amenewo mpaka lero akundilasa chifukwa sindinafune kuwabera.

Nde ndikupempha ziwiri. Amene mukudziwa chi Romania tandiuzeni mawu a zovala ndi a nsalu, theka la belo likadali mnyumba ndikuopa kulakwitsanso. Komanso Chingerezi chenichenicho, atsikana a masiku ano akaona pa status amafunsa kuti muli ndi cardigan, muli ndi bomber, muli ndi blazer, pomwe ine zonsezo ndimangoti juzi ndi jekete. Zimasiyana pati?

Malume_Chinkhoma

Pepani achemwali, mu geni zimachitika zimenezo. Koma ine maganizo anga musataye nthawi ndi malebulo, belo limodzi mumapezamo ziyankhulo khumi nde muphunzira zingati? Lero Romania mawa Poland mkuja Korea. Ine pano pa Chinkhoma nyengo ya fodya ndimagulitsa majekete kwa alimi akangochoka ku okushoni ndipo lebulo sindiyang'ana olo pang'ono. Leza imadziwika ndi mphuno ndi chala. Inunkhizeni, yeniyeni imamveka fungo la chikopa ngati la ng'oma, yabodza imanunkha pulasitiki. Dinikizani ndi chala, yeniyeni imapanga timakwinya ngati khungu la munthu pomwe yabodza imangolowa nkubwerera see. Mukapeza kampata pa msoko suzumirani kuseri kwake, chikopa kuseri chimakhala cha manyunyu, yabodza kuseri ndi nsalu anangomatapo pulasitiki pamwamba nde ndi amene amasupuka uja akawombedwa ndi dzuwa. Wa kabaza amakhala padzuwa tsiku lonse, sikanalimba imeneyo.

WakuSanthe_kuCluj

Amayi, funso lanu landigwira mtima chifukwa nane mayi anga anatiphunzitsa ndi ndalama ya kaunjika pa Santhe, ndakula ndikudzuka usiku kukathandiza kunyamula mabelo. Pano ndili ku Romania konko, mzinda wa Cluj-Napoca, ndikuphunzira, ndipo chaka choyamba chonse tinkangophunzira chiyankhulo chawochi tisanayambe kosi yeniyeni. Nde ndikuuzani zimene ndimamva mmashopu tsiku ndi tsiku.

Ndiyambe ndi jekete ija. Mwanayo sananame, piele ndi chikopa ndithu, olo khungu la munthu amati piele. Vuto ndi mawu achiwiriwo. Piele ecologică ndi leza yopanga, ya pulasitiki, amangoipatsa dzina lokoma ngati kuti ndi yosamala chilengedwe poti sanaphe nyama. Yeniyeni amalemba piele naturală. Mukaona piele sintetică, imitație de piele kaya poliuretan dziwani kuti ndi gulu lomwe lija losupuka. Piele întoarsă ndi chikopa cha manyunyu chija Chingerezi amati suede. Inuyo simunanamize munthu amayi, dzinalo ndi limene limasokoneza, kuno komwe alendo ambiri amagwa nalo.

Malume akunena zoona za mphuno ndi chala, koma pa malebulo ndikusiyana nawo pang'ono. Simukufunika chiyankhulo chonse. Dzina la chovala mukhoza osalidziwa palibe chimene mutaye chifukwa siketi mukuyiona ndi maso kuti ndi siketi. Chimene maso amanamizidwa nacho ndi nsalu, nde mawu a nsalu ndi amene ndikupemphani muwasunge, ndi ochepa. Bumbac ndi cotton, thonje. Lână ndi wool, ubweya wa nkhosa, amenewa ndi amene muziwasaka pa majuzi nyengo inoyi chifukwa juzi ya lână ndi juzi ya acril ukazigwira zimaoneka ngati zofanana koma kufunda kwake nkosiyana kutalitali ndipo mtengo suyenera kufanana. Mătase ndi silk. Blană ndi ubweya wa nyama uja amaika pa makolala. Puf ndi nthenga zofewa za bakha kaya tsekwe zimene amaika mkati mwa majekete otupa aja. Poliester, viscoză, elastan, awa muwazindikira nokha akufanana ndi Chingerezi. Pali kena kamene kanandizunguza ine masiku oyamba, mupeza palembedwa 100% in nkumaganiza kuti asiya mawu panjira, ayi, in ndi linen, nsalu yozizirira bwino ija imakwinyika msanga, ndipo ndi yodula. Koma în ya kachipewa pamwamba ndi mawu ena, monga fabricat în România ndiye kuti made in Romania.

Pa jekete muziwerenga mizere yonse chifukwa amagawa. Material exterior ndi nsalu yakunja, căptușeală ndi layini ya mkati, umplutură ndi zimene aika pakati. Mukhoza kuona 100% bumbac nkusangalala pomwe akunena layini yokha, kunjako ndi pulasitiki.

Tsopano mayina. Zovala zonse amati haine. Geacă ndi jacket, amatchula ngati jaka nde ndi jekete yathu yomweyi. Hanorac ndi hoodie. Pulover ndi juzi yopanda mabatani. Palton ndi chikhothi chachitali cha nyengo yozizira, overcoat. Sacou ndi jekete ya suti kaya blazer, suti yonse ndi costum, koma mukaona costum de baie ndi chosambira nacho kunyanja musayike pamulu wa masuti. Cămașă ndi shati, amatchula kamasha. Tricou ndi tisheti, maiou ndi vesiti, pomwe vestă ndi kajekete kopanda manja. Pantaloni ndi thalauzi, pantaloni scurți ndi kabudula. Fustă ndi siketi, rochie ndi diresi ndipo amatchula rokiye, chifukwa ch yawo imamveka k. Bluză ndi bulauzi komanso chovala chilichonse chapamwamba cha manja aatali olo cha amuna amatha kuti bluză. Șosete ndi masokosi, curea ndi lamba, cravată ndi tayi, sutien ndi bra, chiloți ndi panti. Zilembo za kamchira pansi zisakuopseni, ș imamveka sh ndipo ț imamveka ts ngati mu tsiku.

Awiri amene ndimawakonda ndi blugi ndi adidași. Blugi ndi jinzi, anangotenga blue jeans nkuyifupikitsa mmene ife tinapangira jersey kukhala juzi. Adidași ndi nsapato za masewero zilizonse olo zikhale za Nike kaya Puma, munthu amati ndagula adidași, ndendende mmene kwathu mankhwala otsukira mano aliwonse timati Colgate, sopo waufa aliyense Surf. Tracksuit amati trening. Nsapato wamba ndi pantofi, jombo ndi cizme kaya ghete, masilipasi ndi papuci kaya șlapi.

Za kuzizira ali ndi mawu ambiri chifukwa kuno January amafika pansi pa ziro, madzi kuuma gwa panja. Ine ndinabwera ndi juzi imodzi ndi jekete ya jinzi ndikuganiza kuti June wa ku Kasungu wandikonzekeretsa, tsiku loyamba la snow makutu anauma osawamvanso, zala zokanika kugwira kiyi wa chitseko. Amayi ena achikulire ogulitsa mu shopu ya second hand, eya nawonso kaunjika alinaye ndipo amagula kwambiri, anandigwira dzanja nkumandiloza chimodzichimodzi akutchula kuti ndibwereze, căciulă chipewa choluka cha mphepo, fular mpango wa mkhosi, mănuși magolovesi. Mawu atatu amenewo sindingawaiwale.

Pa timapepala ta mtengo, bărbați ndi za amuna, femei kaya damă ndi za amayi, copii ndi za ana, fete atsikana, băieți anyamata. Mărime ndi saizi. Ani ndi zaka, luni ndi miyezi, nde 3-6 luni ndi ya khanda osati ya mwana wa zaka zitatu. Lei ndi ndalama yawo, imodzi amati leu, ndipo reducere ndi mtengo wotsitsa.

Chomaliza, kuona chi Romania pa lebulo sindiye kuti chovalacho chasokedwa kuno. Romania inalowa mu European Union mu 2007 ndipo lamulo lawo ndi loti lebulo ya nsalu ilembedwe mchiyankhulo cha dziko limene chovalacho chikagulitsidwe, nchifukwa chake makampani akuluakulu amaika malebulo aatali ngati kabuku. Pa amenewo sakani mzere woyamba ndi EN kaya GB mupeza Chingerezi, RO ndi chi Romania, PT ndi Chipwitikizi. Zija za timapepala ta lei ndi zimene zinali mushopu kuno.

Telala_paBoma

Mayi Nachisale ndikuganiza ndimakudziwani, ine ndi amene ndimasoka pakhonde pafupi ndi msika. Achimwene a ku Cluj atithandiza kwambiri, ineyo ndasunga kale. Ine ndiwonjezere za tizithunzi tija ta pansi pa lebulo chifukwa timeneto tilibe chiyankhulo, Romania kaya Korea ndi chimodzimodzi, ndipo zovala zambiri zimene anthu amabwera nazo kwa ine kuti ndiike chigamba sizinang'ambike ayi, zapsa ndi nsimbi.

Kansimbi kakakhala ndi kadontho kamodzi mkati ndiye kuti moto wochepa, madigiri 110, timadontho tiwiri 150, titatu 200. Kakadulidwa ndi mtanda musasite nkomwe. Tsono ife ambiri timasita ndi nsimbi ya makala yopanda pochepetsera moto, nde chovala cha kadontho kamodzi yalani kansalu konyowa pamwamba musite pamenepo, apo ayi mumva fungo la jumbo kenako nsimbi yanyamuka ndi nsalu. Dzulo lomweli kunabwera mtsikana ndi diresi ya ukwati wa mchemwali wake, chibowo cha chifanizo cha nsimbi pa msana penipeni, analira pamashini anga pomwepa. Kabeseni kolembedwa 30 kaya 40 ndi kutentha kwa madzi, kakakhala ndi dzanja mkati chapani pamanja mosafinya kwambiri. Kozungulira ngati ziro ndi dry clean. Ndipo majuzi a wool aja, a lână mwatiwo, muziwauza makasitomala anu kuti madzi otentha ayi, kupotokola ayi, kuyanika pachingwe ayi koma kuyala pamphasa pamthunzi. Juzi ya bambo ikalowa mmadzi otentha imatuluka ya mwana wa sitandade 2 ndipo palibe telala angayibweze.

Za masaizi nazo anthu amakangana nazo pamsika. Za ku Ulaya manambala ake ndi aakulu. Suti yolembedwa 50 ndi 40 yathu ija, mungochotsa 10. Diresi ya 38 ndi saizi 10, ya 40 ndi 12, ya 42 ndi 14, ngakhale za ku Italy zimakhala zazing'onoko pa nambala yomweyo. Shati ya 39 kaya 41 akunena khosi mu masentimita. Nsapato 42 ndi cha mma 8. Za ana amalemba kutalika kwa mwana, 104 ndi wa zaka 4, 116 wa zaka 6, 128 wa zaka 8, 140 wa zaka 10, koma ana athu kuno ambiri amavala yocheperapo nde bola kumuyeza mwanayo. Ine ndimati muzikhala ndi tepi mthumba basi, siyodula.

Achimwene a ku Cluj tandiuzeniko za ntchito yanga, zipi, batani, thumba, kolala amati chani kumeneko?

WakuSanthe_kuCluj

Abambo a telala, zipi ndi fermoar, batani ndi nasture, thumba ndi buzunar, kolala ndi guler, dzanja la malaya ndi mânecă. Inuyo kuno akanamakutchulani croitor. Ndipo akalemba ndi mawu mmalo mwa kachithunzi, a nu se călca ndiye kuti musasite, spălare manuală ndi kuchapa pamanja, curățare chimică ndi dry clean.

Mphunzitsi_Wopuma_Mtunthama

Mwana wanga Nachisale, funso lako lachiwiri lija anzathuwa alidumpha, ndiye ndiliyankhe ine poti Chingerezi ndinachiphunzitsa zaka zambiri. Poyamba usadzione ngati wotsalira chifukwa chonena kuti juzi ndi jekete. Mawu amenewo ndi athu ndipo ndi okwanira pocheza. Koma pa malonda ndi bwino kudziwa chimene wogula akufuna.

Juzi yoluka yovala polowetsa mutu, a ku Britain amati jumper, a ku America amati sweater, ena pullover, chinthu chake nchimodzi. Ikakhala yotsegula kutsogolo ya mabatani, ngati zija amavala anamwino ndi amayi a mvano mmamawa, imeneyo ndi cardigan. Sweatshirt siyoluka, ndi nsalu yokhuthala ya thonje yofewa mkati, ndipo ikakhala ndi chipewa chake kumbuyo ndiye hoodie. Blazer ndi jekete yooneka ngati ya suti koma yopanda thalauzi lake, monga za yunifolomu ya sukulu zina za sekondale. Bomber ndi jekete yaifupi yothera mchiuno, ya zipi, yokhala ndi lasitiki mchiuno ndi mmanja, anayamba kuvala ndi oyendetsa ndege za nkhondo. Puffer ndi yotupa ija ya mizeremizere. Coat ndi yaitali yopitirira matako, ikakhala ya lamba ndi mabatani mizere iwiri ndi trench coat.

Pali mawu awiri amene uyenera kusamala nawo chifukwa Angerezi eniake sagwirizana. Pants ku America ndi thalauzi koma ku Britain ndi chovala chamkati. Vest ku Britain ndi vesiti yathu yamkati ija koma ku America ndi kajekete kopanda manja kovala ndi suti, kamene a ku Britain amati waistcoat. Ndaona kuti vestă ya chi Romania yatsata tanthauzo lachiwirili. Ndiye wina akakulembera kuti akufuna pants umufunse kaye usanamutumizire chithunzi.

Ndawerenga mawu a mnyamata wa ku Santhe ndipo chandisangalatsa nchoti anthu a ku Romania nawonso anabwereka mawu monga ife. Tikamati buluku ndi duku tikuyankhula mawu a Chibunu, broek ndi doek, amene anabwera ndi makolo athu opita ku migodi ya ku Joni. Nsapato ndi sapato ya Apwitikizi, chipewa ndi chapéu yawo, ndipo inu a ku Mchinji amene mwayandikana ndi Mozambique mukamva camisa muona kuti ndi mbale wake wa cămașă, chifukwa Chipwitikizi ndi chi Romania zonse zinachokera ku Chilatini. Juzi ndi jersey, ndipo Jersey ndi chilumba cha pakati pa England ndi France chimene chinatchuka ndi zoluka. Diresi, siketi, shati, sokosi, tayi, zonsezi ndi Chingerezi chimene tinachiveka zovala zathu.

Chifukwa china chimene anthu a msinkhu wathu timasokonekera ndi mayina a zovala za amayi nchoti sitinakule nazo. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo linachotsedwa mu 1993. Ndiye ma leggings, ma jumpsuit ndi zina zonsezi zatipeza tili akuluakulu kale, mayina ake sanapeze nthawi yolowa bwino mChichewa. Jumpsuit ndi bulauzi ndi thalauzi zolumikizana ngati ovolosi. Leggings ndi thalauzi lothina lotambasuka. Ukakayika, funsa mtsikana wogulayo akuonetse chithunzi, palibe manyazi pamenepo.

Malume_Chinkhoma

Chabwino ndagonja pa wool. Ndapita kukayang'ana mulu wanga wa majuzi ndapezamo awiri olembedwa lana ndi wolle, ndimagulitsa mtengo umodzi ndi enawo. Achimwene a ku Cluj lana ndi yomweyo eti? Koma pa leza sindisintha, mphuno basi.

WakuSanthe_kuCluj

Ndi yomweyo malume, lana ndi chi Italy ndi chi Spain, Wolle ndi chi German, laine ndi chi French. Muone nambala yake, 80% ndi 10% si juzi imodzi.

Aphunzitsi mwalasa, kubwereka kulipo kwambiri. Mawu ambiri a zovala za mtauni anawatenga ku French, tricou, maiou, șosete, fular, palton, cravată onsewo. Ena akale anachokera kwa anthu a ku Turkey, monga papuci, ciorapi amene ndi masokosi aatali, ndi basma. Basma kaya batic ndi duku, agogo a kumidzi kuno amamanga duku tsiku lililonse koma iwo amamangira pansi pa chibwano osati kumbuyo ngati amayi athu, tsiku loyamba kuwaona pa msika akugulitsa anyezi ndi tchizi ndinakumbuka kwathu mpaka misozi.

Amayi Nachisale pali chinthu chimodzi ndinaiwala ndipo ndi chofunika. Mukadzapeza mu belo bulauzi yoyera ya nsalu yopepuka, manja otakasuka, yopetedwa maluwa ndi timizere tofiira kaya takuda pamapewa ndi pachifuwa, musayiponye pamulu wotchipa. Imeneyo amati ie, amatchula iye, ndi chovala cha makolo awo ndipo amachilemekeza ngati mmene ife timachitira ndi zathu za chikhalidwe. Luso lopeta ie ya mapewa linalowa mu mndandanda wa za chikhalidwe wa UNESCO, nthambi ya United Nations, mu 2022, Romania pamodzi ndi dziko loyandikana nalo la Moldova, ndipo pa 24 June chaka chilichonse amayi ndi atsikana amavala mtauni monse. Zilipo za fakitale zotchipa, koma yopeta pamanja imatenga miyezi kuti ithe ndipo kuno ndi yodula kwambiri. Muyitembenuze muone kuseri, ya makina ulusi wake umakhala wofanana ndendende ndipo nthawi zambiri pamatsalira kapepala koyera komata, ya pamanja mumaona kuti apa dzanja linakoka kwambiri apa pang'ono.

Nachisale_Kamwendo

Abale inu Mulungu akudalitseni nonse, sindimayembekeza kuti mundiyankha chonchi. Usiku wathawu ine ndi mwana uja tinakhuthula theka la belo lija pamkeka, iye akuwerenga ine ndikulemba mukope la ngongole kumapeto kwake. Tapeza majuzi asanu ndi awiri a lână, majekete atatu a puf, ndi malaya awiri a in amene ndikanawagulitsa motchipa chifukwa anali okwinyika ngati atafunidwa ndi ng'ombe. Majekete a leza analipo ena anayi, atatu ndi piele ecologică ndawaika pawokha ndipo ndiziwauza anthu poyera kuti iyi ndi yotchenera osati ya panjinga. Imodzi yabulauni palembedwa piele naturală, ndayinunkhiza mmene ananenera malume, fungo la ng'oma ndithu, kuseri manyunyu. Imeneyo sindiyika pamsika, ndawaimbira abambo a kabaza aja abwera Loweruka kudzayesa, saizi yake ndi 52 nde abambo a telala mwati ndi 42 eti, ndikuganiza iwakwana.

Aphunzitsi zikomo, lero ndaika pa status kuti cardigan zilipo ndipo atsikana awiri afunsa kale mtengo. Bulauzi yopetayo sindinayipeze koma ndauza anzanga onse pa Kamwendo kuti akayiona andiitane ndiyione ndi maso.

Achimwene a ku Cluj funso lina, nanga chitenje amati chani kumeneko? Ndipo pali kena kalembedwa salopetă copii 92, kooneka ngati ovolosi ya mwana, ndigulitse ngati ya zaka zingati?

WakuSanthe_kuCluj

Salopetă ndi ovolosi yomweyo amayi, 92 ndi mwana wa zaka ziwiri. Chitenje alibe dzina lake, choyandikira ndi fotă, nsalu yoluka imene amayi amakulunga mchiuno akavala ie, koma ndi yolemera ndipo saberekera mwana. Changa chimene mayi anandipatsira pa depoti ya Kasungu ndinayala pabedi, anzanga akafunsa ndimangowaphunzitsa kunena kuti chitenje.